Botolo la Woweruza pa Mpikisano wa Tchesi ku Kachulu

Mpaka lero ndikatsika minibasi pa Kachulu, asodzi amandilonjera pondikwezera botolo lopanda kanthu. Nkhani yake ndi iyi.

Mu 1999 ndinawerenga m'nyuzipepala kuti akuluakulu a tchesi padziko lonse akufuna kumayeza mkodzo wa osewera, kuti agwire omwa mankhwala owonjezera mphamvu. Nthawi imeneyo ndinali woweruza wa kampikisano kathu ka aphunzitsi ndi ogulitsa nsomba (anandisankha chifukwa ndinkatumiza nkhani kunyuzipepala, osati chifukwa chodziwa masewerawo).

Pa ndime yomaliza panatsala anthu awiri: mphunzitsi wina wa kwa Mwambo ndi Che Saidi, ogulitsa matemba. Che Saidiwo anali bambo ake a Asiyatu, mtsikana amene ndinali nditangomufunsira. Ankhoswe anali atatsala pang'ono kukumana.

Ndinaona Che Saidi akutafuna kamtsitsi. Posakhalitsa anadya mfumukazi ya mphunzitsi uja. Ine ndinati basi, mankhwala aja ndi amenewa! Ndinaimitsa masewero n'kutola mabotolo awiri pagolosale.

"Malamulo atsopano akuti aliyense apereke mkodzo," ndinalengeza.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ngakhale amayi oyanika nsomba anasiya ntchito.

"Mwati chiyani, mwanangu?" anafunsa Che Saidi.

"Mkodzo, bambo. Pang'ono chabe."

"Mwandipempha mwana, sindinakane. Ndikutafuna jinja wa chifuwa changa, mukufuna mkodzo wanga. Mukupita nawo kwa sing'anga uti?"

Apa mpamene ndinakumbukira kuti kwathu kuno wopempha mkodzo wa mnzake ndiye kuti akufuna kumulodza. Ndinakumbukiranso kuti koyezera sindinkakudziwa (nyuzipepala ija sinafotokoze zimenezo).

"Woweruza ayambe yekha," anatero mphunzitsi uja, "tione ngati si ufiti."

Ndinathamangira kuseri kwa mabango, mutu uli pa mawu opepesera. Pobwera ndinanyamula botolo m'mwamba ngati chikho, osaliyang'ana n'komwe.

"Mayo, wofiira!" anakuwa mayi wina. "Likodzo limenelo!"

Ndinakweza maso. Unalidi wofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinkasamba m'nyanja ya pa Kachulupo tsiku ndi tsiku, ndipo m'chimbudzi changa cha udzu munali mdima woti sukanaona kanthu. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Che Saidi sanaseke. Anamaliza masewero, anapambana, kenako anandiitana ndi chala.

"Lamulo lanuli ndalikonda," anatero. "Ankhoswe ayambe adikira. Pitani kuchipatala, ndipo tidzakambirana za Asiyatu mukadzandionetsa botolo loyera."

Ndinamwa mapiritsi, ukwati unadikira mpaka mpunga utakololedwa, ndipo botololo ndinakalionetsadi pakhonde pawo, apongozi aakazi atatembenukira kukhoma. Asiyatu ndinamukwatira.

Mpikisano wonse uja wogwidwa anali mmodzi, woweruza. Malamulo atsopano ndimawakondabe, koma masiku ano ndimayamba ndasuzumira m'botolo langa.