Zikomo Bwana, Mkango Wathu Sunabangule

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Masewera a Ana a Patchuthi,
Pa Yunivesite,
Nyumba yosanja ija, khomo lokhala ndi kapeti.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndasamba m'manja ndisanagwire cholembera, chifukwa munthu ngati ine, telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, sindilembera anthu a magauni tsiku lililonse. Magauniwo ine ndimangowapinda m'munsi akatalika. Mawu ena akapotoka mundikhululukire. Singano ndiye imandimvera, cholembera chimandiderera.

Ndine bambo wa ana awiri mwa ana amene munawalandira patchuthi chapitachi. Wamkulu ndi mnyamata, kunyumba timamutcha Namondwe, ndipo mukamuona akulowa m'chipinda simungafunse chifukwa chake. Wamng'ono ndi mtsikana, timamutcha Kachete. Ameneyu amachita chibwibwi, ndipo anzake a kusukulu atayamba kumutsanzira, anangoganiza zosunga mawu ake m'mimba. Kasitomala akamupatsa moni, amabisala kuseri kwa makina anga. Mayi ake ataona chikwangwani chanu chija, cha ana akumwetulira m'dziwe losambiramo, anati, "Bambo a Namondwe, tiwatumize kumeneku, mwina mwanayu akamasukako." Ndinavomera. Lero ndabwera kudzathokoza, ndipo ndithokoza mwadongosolo, monga mmene mumakondera anthu ophunzira.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kusambira. Ine mu umbuli wanga ndinkaganiza kuti kusambira kumafuna madzi. Inu mwanditsegula maso. Pampu ya padziwe itafa, simunataye mtima ayi. Munagoneka ana athu chafufumimba pa mabenchi a mu holo, mnyamata wa wezulo akuwalamula kupalasa manja ndi kuponya miyendo. Namondwe tsopano ndi katswiri. Amasambira pabedi, amasambira pamphasa, tsiku lina anasambira patebulo langa lodulira nsalu mpaka sizasi inagwera phazi la kasitomala. Makolo ena akung'ung'udza, koma ine ndimawafunsa kuti: kodi alipo mwana amene anamira? Palibe ndi mmodzi yemwe. Ndipo asaname kuti m'dziwemo ana sanalowemo. Analowamo, tsiku lija munawapatsa matsache kuti akasese masamba, n'kulitcha tsiku lophunzira kusamala chilengedwe.

Chachiwiri, mpira. Pulofesa amene munawatumiza aja anafotokoza bwino kwambiri, ndi choko pabolodi, kumene mpira unayambira ndi chifukwa chake umadunda. Mpira weniweniwo unali m'kabati, kabatiyo ili mu ofesi, kiyi wa ofesiyo ali m'thumba la bwana wina amene anapita kumsonkhano wokambirana za kufunika kwa masewera pa moyo wa mwana. Ana, posadziwa ulemu wa malowo, anakulunga mapepala apulasitiki n'kupanga wawo. Ndikuthokoza mlonda wanu amene anaulanda msanga ponena kuti unalibe chizindikiro cha yunivesite. Pakanapanda iyeyo, bwenzi ana atasewera.

Za makompyuta sindichulutsa. Yoyaka inali imodzi, ana anaima pamzere, aliyense anadina chilembo chimodzi. Kachete anadina K, ndipo akuti inatulukadi.

Tsopano chachitatu, Bwana, apa mukhale pansi ngati mwaimirira, chifukwa ndikufuna kukuuzani za chinthu chimene chinachitika pamalo panu inu osadziwa. Mwa ophunzira a payunivesite amene munawaika kuti aziyang'anira ana, munali mtsikana wina wamtali, ana ankamutcha Anti Mlongoti. Ameneyu ataona ana akungoyasamula pakhonde, anawasonkhanitsa kunsi kwa masitepe n'kuyamba nawo sewero. Linali la nyama zimene zinakwera basi imodzi, n'kumakangana kuti ndani akhale pawindo. Pogawa mbali, Kachete anabisala kuseri kwa mchimwene wake. Anti Mlongoti anagwada n'kumuuza kuti, "Iwe ukhala mkango. Mkango sulankhula zambiri, umangobangula, basi yonse n'kukhala chete."

Tsiku limenelo madzulo tili patebulo, mwana uja anangoti dzuu, n'kubangula. Mayi ake anataya mbale. Galu wa aneba anathawira kunsi kwa galimoto yakufa ya kuseri kwa nyumba yathu, ndipo mpaka lero akamuona amayang'ana kumbali. Koma chachikulu si chimenecho. Atatha kubangula anakhala pansi n'kuyamba kutifotokozera za mbuzi imene imaiwala mawu ake, za nyamalikiti amene khosi lake silikwana m'basi. Mawu ankakodwa apa ndi apo, koma sanasiye, ankangowakoka mpaka atuluke. Ine ndi mayi ake tinangoyang'anana. Chakudya chinazizira, palibe anadandaula.

Zovala za sewerolo ndinasoka ndine, ndi zigamba za m'thumba langa. Manyenje a mkango ndinadula ku katani yakale yachikasu ya apongozi anga, ndipo nkhani imeneyo sinathe kunyumba. Mchira unali lamba wa jekete la mvula. Khosi la nyamalikiti tinapanga ndi chipepala cholimba chokulungirapo nsalu. Mwini buluku lina anabwera kangapo kudzalitenga, n'kumandipeza ndikusoka makutu a mbuzi. Ndinamuuza kuti adekhe, mwana wanga akukabangula ku yunivesite.

Chachinayi, tsiku lotsekera. Apa ndiye kuthokoza kwanga kukusefukira. Makolo tinadzaza holo, ena atatseka mashopu, ena atanamiza mabwana awo kuti akupita kuchipatala. Ana anali kuseri kwa katani, atavala kale. Mlendo wolemekezeka anachedwa, ndipo inu, mwa chifundo chanu, munaimirira kuti tisasungulumwe. Munatiuza za ubwana wanu, za maiko amene munayendako, za kufunika kopatsa mwana mpata wolankhula. Mfundo imeneyi munaitambasula bwino zedi, moti agogo ena pafupi nane anagwirizana nayo ndi mutu mpaka kuyamba kuliza mkonono. Mlendo uja atafika, munaona kuti si bwino kuti amanidwe, ndiye munayambiranso poyamba. Kenaka wachiwiri wanu anaimirira kukuthokozani. Wachitatu anathokoza wachiwiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinadekha, Bwana, mpaka nkhonoyo inakalamba.

Kuseri kwa katani, Namondwe akuti nyamalikiti anagona, khosi lake n'kuthyoka. Mbuzi inalira kufuna kuchimbudzi. Mkango wokha ndiwo unaima chilili, thukuta lili kamukamu m'manyenje, osalola kukhala pansi kuopa kukwinya mchira. Ndiyeno woyendetsa mwambo anagwira chimkuzamawu n'kulengeza kuti poti nthawi yatha, sewero la ana tidzaonera chaka chamawa, alendo olemekezeka apite kukamwa tiyi.

Munadutsa pafupi nane potuluka, nsapato zanu zikulira bwino. Kachete anatuluka pambuyo pa onse, manyenje ali m'manja. Titafika kunyumba anawapinda bwinobwino n'kuwabwezera m'thumba la zigamba, kenaka anakakhala kuseri kwa makina. Sindikubisirani, Bwana, tsiku limenelo ulusi unandikanika kulowetsa m'singano.

Koma musade nkhawa, nkhaniyi sikuthera pamenepo. M'mawa mwake Namondwe anazungulira m'makomo kusonkhanitsa nyama zonse. Anti Mlongoti titamupeza anati abwera, ngakhale ali ndi mayeso. Mwini sitolo ya zitsulo, munthu amene sindinamuonepo akuseka, watibwereka khonde lonse ndi zitini za penti zokhalira. Khosi la nyamalikiti talimanga ndi waya. Mkango unavuta pang'ono, koma mbuzi itabwera yokha kudzaupempha, unatuluka kuseri kwa makina n'kufunsa ngati mchira wasitidwa.

Tsono pempho langa, Bwana, ndi laling'ono, lolingana ndi msinkhu wanga. Loweruka likubwerali, dzuwa likangopendeka, mubwere pakhonde pathu mudzaone zimene ana anaphunzira kunsi kwa masitepe anu. Tidzayamba mlendo wolemekezeka akhalepo asakhalepo. Musavutike kukonza mawu, mwatipatsa kale okwanira chaka chonse. Mudzangobwera ndi makutu, pakamwa mudzapapumitse, pagwira ntchito yaikulu.

Ine ndinafuna kukuikani kumbuyo, pamthunzi, monga munthu wamkulu. Koma mwini sewero, Kachete, wakana. Ndili mkati molemba kalatayi anabwera n'kuima pambali panga, ndipo mawu ake anatuluka onse, osakodwa ndi pamodzi pomwe. Anati, "Ababa, muwauze abwanawo adzakhale kutsogolo. Ndikufuna ndidzawabangulire pafupi."

Ine wanu wogwada mpaka mawondo a buluku kuperepeseka,

Telala wa pakhonde,
Bambo wake wa Mkango.