Njinga ya ku Chipata Inandibweza kwa a Zulu

Ndili ndi chipsera pachigongono, ndipo ana anga ndimawauza kuti ndi cha njovu. Njovuyo inalipodi, koma sinandikhudze n'komwe.

Munali m'ma 1990, nditangolembedwa ntchito yochapa paloji ina ya alendo odzaona nyama ku Mfuwe. Kuchokera kwathu ku Kakumbi ndinkafika mochedwa tsiku ndi tsiku, ndiye ndinati ndigule njinga.

Pamsika pathu panali kasitolo ka a Zulu, ogulitsa ndi kukonza njinga. Aliyense wobwera, kaya nkhalamba, kaya wolumala mwendo, ankamukhazika pabenchi, kumuyezera chishalo, kenako n'kukamuyesa kupalasa kuseri kwa sitolo. Ine nditafika anati, "Mwaswera bwanji, amai? Kodi kupalasa mumadziwa?"

Ndinapsa mtima. Funso lotere pamaso pa anthu? (Sindinkadziwa, inde, koma zinawakhudza chiyani?) Ndinawayankha kuti, "Ndikagula ku Chipata, kumene salembetsa mayeso."

Musitolo yaikulu ya ku Chipata sanandifunsedi kanthu, ngakhale moni. Bambo wa tayi anasuzumira kumbuyo kwanga kufuna amuna anga, atawasowa anangoloza njinga ndi chibwano. Ndinatuluka ndi chinjinga chachimuna, cha chitsulo pakati, chachitali ngati ng'ombe.

Mapulasitiki ake sindinachotse, kuti anthu aone kuti ndi chatsopano. M'mawa uliwonse ndinkachikankha wapansi, ndikamadutsa pa a Zulu ndinkaliza belu. Wina akafunsa ndinkati, "Matayala sanakhwime." Ndinayamba kuchedwa kuposa kale, mpaka bwana anati, "Mawa mukachedwanso, musabwerenso."

Mawa lakelo ndinalawirira. Ndili pamtunda kupitirira msika, njovu tulukiru m'munda wa chimanga, makutu tambasu! Mayo ine! Ndinatembenuza njinga, chitenje ndinakwinyira m'ntchafu, ndipo mmene ndinakwerera sindidziwa mpaka lero. Ndinapalasa, abale! Ndinapalasa potsetsereka ponse ndikukuwa, belu likulira lokha. Koma za mabuleki panalibe anandiuzapo. Nkhuku zinabalalika, amayi a tomato anathawa, ine ndinakalowa ndi njinga yomwe m'kasitolo kaja, phuu pamulu wa matayala!

A Zulu sanaseke. (Bola akanaseka, manyazi akanachepa.) Anandidzutsa, akazi awo anandimanga chigongono ndi kansalu, ine misozi ili chuchuchu ndikungoti, "Ntchito yanga yatha, ana adya chiyani?" A Zuluwo anatulutsa njinga yawo, kundikweza pakeliyala, n'kudzera njira ina yopanda njovu. Tinafika pageti anzanga akungolowa kumene.

Ndikutsika, anakanda kumutu nati, "Amai, musakwiye. Funso lija ndimafunsa aliyense."

"Kupalasa ndadziwa lero, a Zulu," ndinatero ndikuyang'ana pansi. "Mawa mundiphunzitse kuima."

Anandiphunzitsadi, kuseri kwa sitolo, limodzi ndi nkhalamba ziwiri zimene zinandiposa. Koma mapulasitiki aja sindinawalole kuchotsa.