Chitunda cha Fort Lister

Lolemba

Ndakwiya.

Oyambitsa ndi a Gondwe, alangizi a zaulimi ochokera kumpoto aja. Abwera pakhonde panga kudzayezetsa thalauza, kenako tonse tikulowa mutiyirumu ya a Namakhwa. Nkhani ndi nkhonya ya kumapeto kwa sabata ino, ya zimphona zolemera kwambiri za kunja. Maina awo amapinda lilime, ndiye pano timangoti Nyundo ndi Nsungwi. Nyundo ndi wanga kuyambira ndili kusekondale, ndipo pamsika pano aliyense amadziwa kuti nkhani ya nkhonya imathera pakamwa panga.

A Gondwe, akuviika sikono mutiyi: "Nyundo wanuyo anatha, atelala."

Anatha! Akunena munthu woti ntchito yake ndi kuuza anthu katalikidwe ka mapando a nandolo!

Zifukwa zanga:
khosi la Nyundo, kolala yomukwana kulibe musitolo iliyonse;
miyendo ya Nsungwi, ngati ya kakowa wa ku Chilwa;
ndine telala, thupi la munthu ndimaliwerenga ndi diso limodzi.

Tabetcherana. Ndalama ayi, tonse ndife ampingo. Wogonja anyamula wopambana panjinga, kuchokera pamsika mpaka pampata wa Fort Lister, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Msewuwo ndasankha ndine. Ndawonjezanso malamulo: kutsika n'kumakankha njinga ayi, njinga yamagiya ayi. Woweruza ndi a Namakhwa.

Ndikufuna ndiione mimba ya a Gondwe ija ikupalasa chitunda.

Lachiwiri

Ndikusoka kakhushoni kapakaliyala ndi zidutswa za nsalu. Wopambana sakhala pachitsulo.

Amake Chisomo akufunsa kuti yunifolomu za ana a eni ake zitha liti. Mkazi wangayu sadziwa kusiyanitsa nkhani yaikulu ndi yaing'ono.

Masana a Gondwe akubwera ndi foni. Akuwerenga mokweza: wamenya zingati, wapambana zingati, wagwa kangati. Nsungwi sanagonjepo, akuti. Nyundo wagonjapo, ndipo posachedwapa anachita kum'dzutsa ndi madzi.

Ndikuwayankha bwinobwino: amene Nsungwi wawamenyawo ndi ndani? Ngakhale ine, mutandipatsa ana a sitandade wani, mbiri yanga ingakhale yoyera.

Anthu aseka. Koma akuseka atazungulira foni, osati ine. Kale ndikatsokomola mutiyirumu muja anthu ankakhala chete. Lero munthu angogula bandulo, basi wasanduka katswiri!

Lachitatu

Umboni wanga uli kuvidiyo ya kuseri kwa chigayo. Ndawakokera konko onse, a Gondwe omwe. Chimbale cha Nyundo, chibakera chokhachokha. Uyu wagwa! Uyo wagwa! Wina mpaka nsapato kuvuka! Ndikuloza ndi sizasi, mtima uli m'malo.

A Gondwe, mwaulemu wawo wonyansa uja: "Koma apa anali ndi tsitsi, eti?"

Ndikuyang'anitsitsa. Tsitsi lilipodi. Kenako maso anga akugwera pa thalauza la lefali. Lamapinda kutsogolo, lotambalala kumapazi. Masokedwe amenewo ndinawasiya ndisanakwatire. Chisomo pano ali fomu folo.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuonera chimbale chimodzimodzi, ine ndikukalamba, munthu wa m'chimbale osakalamba. Mwini vidiyo ndi mbava. Bwanji salemba pakhomo kuti katundu wake ndi wakale?

Komabe nyundo ndi nyundo, ngakhale ichite dzimbiri.

Lachinayi

Anthu a pamsika pano alibe msana.

Othawa lero:
ometa, amene ndinawasokera makatani;
owotcha tchipisi;
alamu anga a Dayisoni, amene mlongo wawo ndikumudyetsa ine.

A Dayisoni: "Alamu, ife tili nanu mumtima, koma foni sinama."

Foni sinama! Foni yomweyi imati kugwa mvula ife tikuyanika makaka!

Ndikumaliza thalauza la a Gondwe. Ndikuyang'ananso muyezo wa m'chiuno. Lolemba unkandiseketsa. Lero sukundiseketsa. Nsalu inatha yonse, chidutswa cha thumba ndachita kubwereka ku diresi la munthu wina.

Madzulo ndikuyang'ana kumpata. Michesi uku, Mulanje uku, msewu pakati ukukwera ngati ukuthawa ngongole. Unali wotalika chonchi Lolemba?

Lachisanu

Nyundo ndi Nsungwi awayeza pasikelo. Zithunzi zafika pafoni ija, ndipo a Gondwe ayenda kuchokera kuofesi kwawo kudzandionetsa ine ndekha. Chikondi chimenecho!

Nsungwi: mimba ngati thabwa lochapirapo, mikono yofika m'mawondo.
Nyundo: mutu mbee, kabudula wakwezedwa mpaka pamchombo.

Kakwezedwe kameneko ndimakadziwa. Ndi ka makasitomala amene amati, "Atelala, nsalu yanuyi yafupika pochapa."

Ndawauza a Gondwe kuti kumeneko ndi kulemera kwa mphamvu. Nsungwi akagundidwa kamodzi m'nthiti, raundi yachitatu safika. Ndanena mokweza, mpaka amayi ogulitsa matemba atembenuka. Ndikubwereza muno kuti ndidzikhulupirire: safika!

A Gondwe alandira thalauza lawo, akuti alivala Lamulungu. Akufunsanso ngati kakhushoni kaja ndi kofewa.

Loweruka

Ndabwereka njinga ya a Dayisoni, ati ndikukaona munthu wodwala. Ndamanga thumba la chimanga pakaliyala, ndikuyesa chitunda m'mamawa anthu asanachuluke. Ndafika pamlatho woyamba. Thumba ndi ine tagwirizana zobwerera.

Ndipo thumba siliyankhula. A Gondwe ayankhula njira yonse.

Ndapita kwa a Namakhwa kukapempha kuti lamulo lokankha njinga tilionenso, poganizira thanzi la a Gondwe.

A Namakhwa: "Mwini wake sanadandaule. Lamulo munaika ndinu."

Mwini vidiyo akuti nkhonyayo saonetsa, tchanelo chake salipira. Komanso kwawoko amenyana kuno kukucha. Ndiye tsogolo la miyendo yanga ndikalimva kuchokera pafoni ya mdani wanga.

Amake Chisomo: "Mukadabetcha zosoka mabatani, bwenzi pano mukugona."

Kumwamba kuli mbee. Ngakhale kamtambo kamodzi koti kaononge msewu, ayi.

Lamulungu

Sanagonje! Nyundo sanagonje! Wagwa, wadzuka, wakumbatira mnzake maraundi onse ngati apongozi pamaliro, koma wafika kumapeto ali chiimire. Oweruza nkhonyayo akuti alepherana.

Ulaliki sindinaumve. Ndimangothokoza.

Tikuweruka, gulu lonse lili pa tiyirumu, njinga yapopedwa kale. Ndikuti palibe wogonja, tiyeni kwathu. A Namakhwa akuti anthu asiya ndiwo pamoto kudzaona zimenezi, sangabwerere chabe. Chigamulo: poti alepherana, tinyamulane. Wina popita, wina pobwera.

A Namakhwa: "Amene anasankha msewu ndiye auyambe."

Popita ndi chitunda. Pobwera ndi kutsetsereka.

Ndapalasa. Kutsika ayi, magiya ayi, malamulo anga omwe. A Gondwe pakakhushoni kanga, muthalauza langa, akubayibitsa anthu m'minda ngati phungu. Pena akundiuza kuti Nyundo anamubera Nsungwi. Ine ndikungopalasa, wefuwefu. Pofika pampata ndimaona mapiri anayi.

Pobwera iwo sanapalase ngakhale kamodzi. Angogwira mabuleki, akuimba nyimbo ya kwawo.

Pano ndagona chafufumimba, amake Chisomo akundithowa ndi madzi otentha, akuseka mosabisa. Akuti zimphona zija zibwerezanso. Zibwereze. Ine ndili ndi yunifolomu zoti ndimalize.

Chiuno cha a Gondwe ndinachiyeza ndi tepi Lolemba. Lero ndachiyeza ndi miyendo. Tepi ija imachepetsa.