Bikoni Imene Ndinafukula ku Kanyama

Amene akuti Sakala wakalamba ndipo wayamba kulota masana, anyamuke akafunse m'makomboni onse ngati munabadwapo munthu wina wopeza bikoni ngati ine. Inu mukuseka kumbuyoko, bikoniyo mukuidziwa? Ndi kachitsulo kozikidwa mu simenti pa ngodya ya puloti, kamene kamanena kuti apa ndi pako, apo ndi pa mnzako. Unyamata wanga wonse ndinathera kukoka tcheni ya asaveya, anthu oyeza malo aja, ndipo chitsulo chokwiririka ndinkachimva fungo ngati nyama yootcha. Ku Matero ndinanunkhiza bikoni ndili m'minibasi yothamanga, mawindo ali otseka, chimfine chitandigwira, ndinakuwa kuti dalaivala aime, tinakumba pakati pa msewu, ndipo inali pomwepo. Mukumva?

Koma ya ku komboni ya Kanyama ndi imene imandisowetsa mtendere. Ba Mulenga, wogulitsa malata, anagula puloti yoyandikana ndi ya Amai Daka, mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo ankafuna kumanga mpanda wa mabuloko. Anabwera ndi saveya, mtsikana wophunzira bwino, wa makina aja olankhula ndi kumwamba. Mapu akale anali atadyedwa ndi chinyezi, manambala osawerengeka. Mtsikanayo ananena mosabisa kuti bikoni yeniyeni ikapanda kuoneka m'nthaka, malire atsala pomwe panali mpanda wakale wa maluwa.

Inali nyengo ya mvula, Kanyama yense ali m'madzi ofika m'chiuno. Anthu anayamba kukuwa kuti, "Itanani ba Sakala!" Ndinafika, ndinavula nsapato, ndinakoka mpweya kamodzi kokha, fungo linandigwira mphuno n'kundikoka ngati mbuzi ya pachingwe moti mapazi sankagundanso pansi, ndinamira m'madzi amatope aja, ndinakhala pansipo kuyambira nthawi ya tiyi mpaka ana ataweruka kusukulu, achule akundipatukira mwaulemu, ndinakumana ndi thanthwe lija limene limathyola mapiki a anthu okumba zimbudzi, ndinaliboola ndi chala ichi, taonani, chikhadabo sichinamerenso, ndinakwawa pansi pa maziko a nyumba mpaka ndinatulukira m'chipinda cha Amai Daka, kunsi kwa bedi, dzanja langa lili pa bikoni. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Mukumva?

Kunja kunali nthungululu. Anandinyamula m'mwamba ngati ndagoletsa chigoli. Saveya anayeza, anabwerezanso, kenaka analengeza zimene anapeza. Zipinda ziwiri za nyumba ya Amai Daka zinali pa puloti ya ba Mulenga.

Amai Daka sanalire. Anandiyang'ana ndili pamapewa a anthu, nati, "Ba Sakala, manje bana banga bazagona kuti?"



Mvula itatha kunabwera amuna ndi nyundo zikuluzikulu, nagwetsa zipinda ziwiri zija. Chipinda chimodzi chotsala sichikanakwana anthu asanu, choncho Amai Daka anagulitsa kachidutswa ka pulotiko kwa ba Mulenga omwewo, nasamukira ku Chunga, kufupi ndi kotayira zinyalala. Mwana wawo wamkulu, amene ankafuna unesi, sukulu inathera pomwepo.

Tsono senderani pafupi, izi sindinaziuzepo munthu. Mphuno iyi tsiku limenelo sinanunkhize kanthu. Bikoni ija ndinaizika ndine ndi manja angawa, malowo akadali tchire. Malemu Daka, mwamuna wa mayi aja, ndinamuona akumanga pamwamba pake mosadziwa, ndinkamwa naye mowa Loweruka lililonse, koma sindinamuuze. Ndikanangonunkhiza uku ndi uku n'kunena kuti madzi anaikokolola kalekale, ndani akananditsutsa? Ngakhale ba Mulenga akanangomanga mpanda wawo pa maluwa paja osadandaula. Koma anthu ankaimba dzina langa, ndipo linkakoma m'makutu.

Mwezi wathawu ndinawaona Amai Daka pamsika ku Mandevu, akugulitsa tomato pa thumba loyala pansi. Ndinafuna kuzemba koma anali atandiona kale. Anapinda bondo pang'ono, nati, "Muli bwanji, ba Sakala? Mwayonda maningi." Ndinagula mulu umodzi, iwo anawonjezerapo tomato awiri aakulu. Ndinafika nawo kunyumba, ndinawaika pawindo, ndipo anaolera pomwepo.