Nambala Wani ndi ya Rauta

Malemu a Zingwe, amene ankasamala intaneti pasukulu yathu, sankalola kuti rauta, kabokosi kofalitsa intaneti, izigawa yokha manambala ozindikiritsa makompyuta ndi mafoni. Ankagawa okha, potsata ukulu. "Kabokosi kangadziwe bwanji wobadwa kale?" ankatero. Foni ya mlonda wokalamba inali pa 5, aphunzitsi achinyamata ankathithikana uko ku 200. Wina atawayankha mwamwano, anamutsitsa mpaka kumbuyo kwa pulinta, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake anachita kukapepesa.

Mlembi wa pasukulupo sadzaiwala tsiku lotumiza pa intaneti mayina 312 a ana olemba mayeso. Kulandira kunkatsekedwa 12 koloko masana, ndipo mwana wotsala ndiye kuti chaka chake chalowa m'madzi. M'gululo munalinso mwana wake wamkazi. Anali atangotsala pang'ono kumaliza pamene ahedi atsopano anatulukira, a Zingwe ali pambuyo.

"Ndamva kuti ine ndili pa 2," anatero ahedi. "Woyambayo ndani?"

"Rauta, bwana," anayankha a Zingwe. "Ili pa 1. Ndiyo chipata. Makompyuta onse amatulukira pa 1 popita kunja."

"Ine kumbuyo kwa kabokosi? Sinthani pompano!"

"Bwana, ndiyambe ndatumiza mayinawa," mlembi anachonderera.

"Mphindi imodzi yokha, mayi," anatero ahedi.

A Zingwe sankatsutsa wamkulu, chilango chawo chinali kumvera. Anakhala pansi nalemba 1 pa laputopu ya ahedi. Intaneti inathima sukulu yonse. Nthawi inali 11:40.

Mlembi anadina, nadinanso, koma osatheka.

"A Zingwe, ndagwira mwendo wanu, bwezerani!"

"Ndilande mpando wa bwana ine? Ayi, mayi. Pano makompyuta onse akugogoda pa laputopu yawo kupempha njira. Awatulutse."

"Ndiwatulutse bwanji?" anakalipa ahedi.

"Kaya. Kabokosi kaja kankatha."

Inakwana 11:52, ahedi ali chiimire. Mlembi, mayi amene sanakwezepo mawu pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anakankha mpando.

"Bwana, ana awa akapanda kulemba, makolo awo akabwera ndidzawalozera kwa wa nambala wani. Ndipo kholo loyamba kukupezani ndidzakhala ine."

Ahedi anayang'ana wotchi. "Ndibwezereni pa 2."

"Pa 2 pakhala mayiwa, alankhula ngati wamkulu," anatero a Zingwe, zala zili kale pantchito. "Inu pa 3."

Mayina anapita 11:58. Mlembi anagwetsa mutu patebulo nalira, osadziwa ngati awathokoze a Zingwe kapena awagende ndi nsapato.

A Zingwe anatisiya chaka chatha atangodwala masiku ochepa. Wolowa m'malo mwawo anatchera rauta kuti izigawa yokha, ndipo kunena zoona, intaneti siinavutenso. Koma m'makonde muli zii, palibe wokwezedwa, palibe wotsitsidwa, ndipo mlembi amawasowa koopsa. Tsiku lina anafunsa katswiri watsopanoyo kuti iye tsopano ali pa nambala yanji.

"Zimangosinthasintha, mayi," anayankha osadzutsa mutu. "Zilibe ntchito."