Bwato la Pansi pa Mtengo wa Mapeyala

Lolemba

Sabata yanga yomaliza pamtunda. Lolemba likudzali ndinyamuka.

Bwato lili pomwe lakhala zaka zonsezi, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Mtiya. Ndachotsa lona. M'kati muli masamba, mpini wa khasu womwe unasowa chaka chatha, ndi nkhuku ya a Nangondo, mayi akunyumba, ikufungatira mazira. Yandiyang'ana ngati wobwera ndine.

Ndi bwato laling'ono lamatabwa, la thanga limodzi, lokwana munthu mmodzi ndi katundu wake. Anandisiyira mzungu wina wophunzitsa ku koleji pobwerera kwawo, poti ndinkamukonzera galimoto. Iye ankangoseweretsa pa Chilwa. Ine ndikufuna likandionetse nyanja yamchere.

Njira ndi iyi. Pa lole mpaka ku Nsanje, kutsika ndi Shire, kulowa Zambezi, mpaka ku Chinde komwe mtsinje umathera. Ndikafika pamenepo ndikhotera kumpoto, kutsata gombe, mpaka ufa udzathe. Ndekha.

Mfundo yake yagona pa ndekhapo. Moyo wanga wonse ndayendetsa galimoto za boma, kupita kofuna a kumpando wakumbuyo. "Imani apa." "Tidikireni." Palibe hotela m'dziko muno yomwe sindinagonepo tulo panja pake. Malemu bambo anga, omwe anachokera ku Mozambiki ali mnyamata, anaionapo nyanjayo kamodzi, ndipo ankati imapuma ngati ng'ombe yogona. Ndikufuna ndikadzimvere, popanda wondiuza nthawi yobwerera.

Zofunika sabata ino: penti, thanga, kamba wapaulendo, nangula, kuphunzira kusambira.

Ndayamba ndi penti poti ndiyo yosavuta. Dzina ndalemba ndi zilembo zoyera zikuluzikulu: NDAPITA. A Makwinja, neba wanga wowotcherera zitsulo, asuzumira pampanda nati dzinalo likuyenera bokosi lamaliro. A Nangondo aima pafupi penipeni ndi bwato, n'kundifunsa kuti ndalembapo chiyani. Amayi awa kunyodola amakudziwa!

Lachiwiri

Thanga! Ndalitulutsa m'thumba, ndalifunyulula pabwalo. Makoswe achita phwando. Mabowo ena ang'onoang'ono, limodzi loti mutu wanga ukulowa.

Ndimati ndipite nalo kwa telala kumsika, koma a Nangondo akana. Ati mwamuna wawo sangapite kunyanja ndi thanga losoka munthu wina. Zoona, mu Mtiya monse muno palibe wosoka kuposa iwo. Madiresi a ukwati a atsikana ambiri a kutchalitchi kwathu anadutsa m'manja mwawo. Akhala pakhonde ndi nsalu zakale za zigamba, andiuza ndiwalowetsere ulusi pasingano, ati dzuwa likuwathobwa m'maso. Ndalowetsa, ndabwerera ku zanga.

Kamba wapaulendo: ufa, nyemba, usipa wouma, mchere, chiponde, tiyi, machesi, mankhwala a malungo, mankhwala a bondo, mankhwala a BP. Thumba la mankhwala likulemera kuposa la nyemba.

Nangula palibe. A Makwinja ati andipangira kuchokera ku limu ya tayala la minibasi. Ndafunsa ngati igwira pansi pa nyanja. Ati minibasi yake inkagwira paliponse osasuntha, nanga limu ilekerenji.

Tamanda, mwana wanga wa ku Lilongwe, waimba foni. Wamva kwa mayi ake. Walankhula za ng'ona, za mvuu, za zaka zanga. Pomaliza wati, "Adadi, mudziwa kusambira?" Ndayankha kuti munthu wodziwa kuyendetsa bwino safuna kusambira, monga dalaivala wabwino safuna kudziwa kugubuduka. Wadula foni.

Chimene chikundidabwitsa ndi a Nangondo. Chiyambireni nkhaniyi sanandiletseko ngakhale kamodzi. Sindikudziwa ngati ndikondwere kapena ndidandaule.

Lachitatu

Lero ndi tsiku lophunzira kukhala ndekha. Panyanja munthu amatha masabata osaona mnzake, ndiye ndiyenera kuzolowera. Ndakwera matola mpaka pamwamba pa phiri, ndatenga mbatata yophika ndi madzi, ndalonjeza kusalankhula ndi munthu mpaka dzuwa lilowe.

Ndapeza mwala pakati pa mitengo ya paini, poonekera patali. Tauni yonse ili pansi ngati mbale zotayika. Uko Sadzi, uko msewu wa ku Songani, uko Chilwa akunyezimira, ndipo kuseri kwake mapiri a kwa bambo anga. Zii. Mphepo yokha.

Poyamba zikukoma. Ndikuganiza zikuluzikulu, za moyo, za imfa, za madzi. Pakapita kanthawi zikuluzikulu zatha. Ndikuganiza ngati ndatseka mpopi wa panja.

Mbatata ndadya nthawi isanakwane.

Kwabwera nyani, wakhala patsinde, akundiyang'ana. Ndamupatsa moni. Nyani si munthu, lonjezo silinasweke. Ndamufotokozera za Zambezi. Wachoka nkhani ili pakati.

Ndiye kwadutsa mayi wina atasenza nkhuni, wati, "Mwaswera bwanji, agogo?" Kusayankha moni ndi mwano. Ndayankha. Ndamufunsa kwawo. Zapezeka kuti amadziwa mlamu wanga wa ku Songani. Watula nkhuni. Tacheza mpaka nkhungu yatsika n'kuphimba tauni, nyanja ndi mapiri omwe.

Ndikutsika ndikuganiza. Zaka zonse ndinkadikira mabwana m'galimoto ndinkati ndili ndekha, koma ayi. Panali mlonda wa pageti, wogulitsa nthochi, madalaivala anzanga. Ndipo madzulo aliwonse panali munthu kunyumba womuuza zonse zomwe ndaona. Panyanja ndikaona chinsomba chachikulu ndidzatembenukira kwa yani?

Ndafika dzuwa likadalipo. A Nangondo akadali pakhonde ndi thanga, nkhope pafupi kwambiri ndi nsalu. Afunsa kuti kukhala ndekha kwayenda bwanji. Ndati bwino kwambiri.

Lachinayi

Mawa tikaliyesa pa Chilwa, ndiye lero bwato lituluke, likadikire lole kumsewu.

Nkhuku yasamutsidwira m'dengu. Yandijompha.

Vuto: geti. Bwatoli linalowa pano mpanda uli wa udzu. Mpanda wanjerwa ndinamanga pambuyo pake, ndi manja angawa, ndipo geti ndinayeza ndi wilibala. Ndayesa chammbali. Ndayesa chopendeketsa. A Makwinja aima manja m'chiuno nati, "Achimwene, mwamanga ndende, mkaidi ali kale m'kati."

Aitana anzathu a pabawo. Nkhalamba zokhazokha, aliyense ndi nzeru zake, aliyense ndi msana wake wowawa. Wina akuti tidutsitse pamwamba. Wina akuti tigwetse mpanda. Wina akuti tidikire dzinja, madzi adzalinyamula okha.

Tasankha pamwamba. Kukweza kwatheka. Kutsitsa ndiye kwavuta, chifukwa onse anali mbali yokweza, kunja kulibe wolandira. Bwato latsetsereka lokha, lagwera mu ngalande, latenga njerwa za mzere wapamwamba. Mlongoti wakola chingwe choyanikira zovala cha a Makwinja, malaya awo a kutchalitchi akupepera pamwamba ngati mbendera.

Pansi pa bwato pali thabwa lina lofewa. Ndadina ndi chala, chala chalowa. Chiswe! Ndamata ndi phula, ndakhomerapo kachitsulo ka lata. Palibe waona.

Kusambira sindinayambe. Ndiphunzira mawa, madzi ake omwewo.

A Nangondo andipatsa thanga litapindidwa bwino, lomangidwa ndi kansalu. Ati ndisalifunyulule pano, fumbi. Zala zawo zili ndi timabala ta singano. Sindinawaonepo akudzibaya.

Lachisanu

Chilwa.

Lole yatisiya pomwe msewu umathera, koma nyanja palibe. Yaphwa, yathawira kutali. Pakati pa ife ndi madzi pali matope akuda, otalika ngati ulaliki wa mlendo. Ine ndi a Makwinja takoka bwato, asodzi ena atithandiza, akuseka koma akukoka. Nsapato yanga imodzi yatsala komweko.

Ndalowa. Layandama! Kwa kanthawi ndithu layandama, ndipo pansi pa ine palibe msewu, palibe bampu, palibe wondiuza pokhotera. Mtima wanga wachita ngati wa mwana. Ichi ndisadzaiwale, ngakhale zinazo ndidzaiwale.

Ndakweza thanga.

Zigamba zonse zilipo, zamaluwa, zofiira, zina za diresi lomwe ndimalidziwa. Koma zasokedwa pambali pa mabowo. Chigamba apa, bowo apo. Bowo lalikulu lija lili chitsegukire, ndikuona mtambo kudzera pamenepo. Msoko ukuyenda ngati woledzera, pena wadumpha, pena wabwereza pomwepo.

Mphepo ikungodutsa. Bwato likuzungulira malo amodzi. Phula lamatuka, madzi akulowa, ndikukapa ndi chipewa. Ndaponya nangula, chingwe sindinamange. Limu ya minibasi yapita yokha.

Bwato lakhala pansi pang'onopang'ono, mwaulemu. Ndatseka maso, ndaitana Mulungu. Nditatsegula, madzi akulekeza m'chiuno. A Makwinja akuwa ali kumtunda kuti ndingoyenda.

Pobwerera ndakhala kumbuyo kwa lole ndi bwato langa, wonyowa, nsapato imodzi. Ndakwiya. Ndikuti a Nangondo achita dala. Sanandiletse ndi pakamwa, andiletsa ndi singano. Ndakonza mawu oti ndikawauze, akuthwa bwino.

Tikuyandikira tauni ndafunyululanso thanga, ndayang'ana msoko uja. Munthu wochita dala sabwereza katatu pamalo amodzi kuti palimbe. Uyu amafuna ligwire.

Mawu aja sindinawanene. Nditafika kunyumba, a Nangondo afunsa ngati thanga lagwira ntchito. Ndati mphepo inali yochepa.

Loweruka

Sindinakhudze bwato. Ndakhala pakhonde, ndikuyang'ana mkazi wanga. Kaya ndi liti pomwe ndinamuyang'ana komaliza.

Akutsika masitepe akugwira khoma. Pothira tiyi akuyamba agwira mlomo wa kapu ndi chala. Nkhuku akuziwerenga ndi makutu. Mwana wa a Makwinja wapereka moni pageti, iwo ayankha ndi dzina la mwana wina. Diso lakumanja lili ndi kamtambo koyera pakati. Lakumanzere likutsatira.

Ndafunsa kuti zinayamba liti. Ayamba akana, ati ndi utsi wa kukhitchini. Ndatenga thanga, ndaika chala chawo pa chigamba, kenako pa bowo. Chala chawo chayenda m'mbali monse mwa bowolo.

Ndi ng'ala. Anapita kuchipatala chachikulu mwezi watha, tsiku lomwe ine ndinali kalikiliki kufunafuna mapu a Zambezi. Adokotala anati akachotse ng'alayo, m'diso limodzi kaye. Tsiku lake ndi Lachitatu likudzali. Pamafunika munthu wowaperekeza, wowathira mankhwala m'maso masabata angapo, wowaletsa kuwerama pamoto. Anapempha kale mayi wina wa kutchalitchi. Tamanda sakudziwa, ati angasiye ntchito n'kuthamangira kuno.

Ndafunsa chifukwa chomwe sanandiuze ine.

"Mukanakhala," atero. "Ndikudziwa kuti mukanakhala. Koma mwadikira anthu moyo wanu wonse, bambo a Tamanda. Sindinafune kuti womaliza kumudikira akhale ine."

Ndati thangalo n'lokongola. Aseka, ati ndisawanamize, akhungu ndi maso okha.

Masana ndakonza njerwa zomwe zinagwa. Ndachotsa miyala panjira ya ku bafa. Ndamanga chingwe kuchokera pakhonde mpaka kukhitchini, chingwe cha bwato, mfundo zake zomwe ndakhala ndikuphunzira chaka chonse. Zagwira bwino.

Ndaimbira Tamanda. Walira, kenako wandikalipira, kenako wafunsa ngati ulendo ulipobe. Ndati wasunthidwa. Sanafunse kuti mpaka liti.

Lamulungu

Tapita kutchalitchi wapansi, pang'onopang'ono, dzanja lawo pa mkono wanga. Anthu akuyang'ana, poti anthu a msinkhu wathu sagwirana pamsewu. Ndikuwauza za ngalande, za njinga, za mwala. Ati ndimayendetsa bwino, koma mabuleki ndikuponda msanga.

Nambala za nyimbo ndikuwawerengera ine. Mawu ake sakufuna buku.

Bwato lili kunja kwa mpanda, poti kulibwezera m'kati palibe angavomere. A Makwinja aika kale matayala awo akale m'menemo. Ati akungosungitsa.

Ufa, nyemba ndi usipa zalowa m'khitchini. Chiponde tayamba kale. Mawa ndi Lolemba. Ndidzuka, ndikoleza mbaula, ndiphunzira kuphika phala losapserera.

Kodi ndikudandaula? Pang'ono, inde. Kunama m'buku langa lomwe sikungandipindulire. Bondo silidikira, chiswe sichidikira, ndipo ndikudziwa kuti ulendo wosunthidwa pa msinkhu uno sukhala ndi tsiku lina. Pali kanthu kena kakang'ono kamene kakundiwawa pansi pa nthiti, ndipo ndikuganiza kuti kakhala pamenepo.

Masana takhala pakhonde. Phiri lavala nkhungu. A Nangondo ati, poti iwo sakuona ndipo ine sindikupita, ndiwafotokozere nyanja yamchereyo. Ndayamba. Madzi obiriwira mpaka kumapeto a maso, mchenga woyera, mitengo ya kokonati, zombo zazitali kuposa tchalitchi chathu. Ndawonjezera nsomba zouluka. Ndafotokoza ngati munthu wobadwira komweko.

Amvetsera mpaka ndamaliza, kenako afunsa kuti kumeneko anthu amayanika kuti zovala, poti mphepo yake ndi yamchere.

Sindikudziwa. Takhala tikukangana za zimenezi mpaka tiyi wazizira.