Polishi wa Pakhonde pa Galimoto ya Mkwatibwi

Lolemba

Ukwati wa mwana wanga Esinati ndi Loweruka. Lero pamsonkhano alamu anga a Namakhwa aimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti galimoto yanga si yoyenera mkwatibwi. Ati yasuluka, ati ikununkha matemba. Akufuna kukabwereka ya mnzawo ku Zomba. Ayi ndithu! Esinati ndinamulonjeza ali wamng'ono kuti tsiku lake adzapita kutchalitchi pa galimoto ya bambo ake. Matemba akuwanyozawo ndi amene amuphunzitsa sukulu. Ndiipaka polishi. Pofika Loweruka a Namakhwa azidzadziyang'anira nkhope pachitseko.

Lachiwiri

Ndaimbira foni makaniko wa ku Zomba. Ati pakufunika:

– polishi wa galimoto
– siponji yofewa
– nsalu yofewanso, yosathothoka ulusi
– mthunzi

Kodi ndi galimoto kapena khanda? Galimoto yoyenda msewu wa ku Likangala itasenza matumba a mpunga ikaope nsalu? Zida zanga ndi izi: chinkhupule, sitiliwulu, chiguduli. Ndayamba ndi kutsuka. Madzi a pamjigo wathu ndi amchere, akusiya mawanga oyera. Ndikupala ndi sitiliwulu. Mawanga achoka, patsala timizere paliponse. Palibe kanthu, polishi apeza pogwira.

Lachitatu

Polishi wa galimoto kuno kulibe. Wagolosale wandiseka mpaka kutsokomola. Aseke. M'nyumba muli chitini cha polishi wapansi, amene amayi a Esinati amapaka pakhonde. Wofiira. Galimoto nayo ndi yofiira. Vuto lili pati? Ndikupaka ndi chiguduli masana, dzuwa lili paliwombo, kuti alowerere bwino. Ndapakanso mipando kuti fungo la matemba lithe. Amayi a Esinati aima pakhomo, manja m'chiuno: "Bambo, simenti ndi chitsulo n'zosiyanatu." Ine ndikupakabe. Ikunyezimira!

Lachinayi

Ikunata. Ntchentche zitatu zafera paboneti. Kenako amayi a mumpingo afika ndi malichero kudzapeta mpunga wa ukwati pabwalo pompano. Ndawachenjeza, ati mphepo yabwino ili pano basi. Mphepo yochokera ku chilumba cha Chisi yauluzira mankhusu onse pa galimoto. Yamera ubweya! A Namakhwa adutsa panjinga, atsika, ayizungulira kawiri, afunsa ngati ndayamba kuweta nkhosa. Ndawauza kuti ntchito ili pakati, wosadziwa azingoyang'ana. Koma mtima wapsa.

Lachisanu

Zida za lero: burashi ya nsapato, supuni, palafini. Burashi yakakamira, supuni yapindika, palafini wachotsa mankhusu pamodzi ndi penti. Esinati wabwera, wagwira mpando, wayang'ana chala chake chofiira n'kuchibisa m'chitenje. Akuganiza kuti sindinaone. Galimoto ya ku Zomba ibwerabe mawa, a Namakhwa ati "yongoperekeza". Iperekeze! Paliponse pamene penti wachoka ndamangapo liboni. Maliboni andithera, ndawonjezera mabaluni.

Loweruka

Pabwalo pali galimoto ziwiri. Ya ku Zomba yoyera mbee. Yanga ngati wodwala amene amumanga mabandeji thupi lonse. Esinati watuluka ndi diresi loyera. A Namakhwa amutsegulira chitseko cha ya ku Zomba, akumwetulira. Iye wawalambalala, wabwera ku yanga! Amayi ake athamanga kuyala zitenje ziwiri pampando. Ndikuliza hutala njira yonse kuti mudzi wonse umve. Kukutentha, mawindo ndatseka kuopa fumbi.

Patchalitchi watsika. Polishi wasungunuka, wadutsa zitenje zonse ziwiri. Diresi lafiira kumbuyo konse, kuyambira m'mapewa. Nthungululu zadukira pakati. Ine manyazi andigwira kuposa tsiku lina lililonse. Iye wangokonza velo, walowa m'tchalitchi osacheuka.

Lamulungu

Diresi lili m'beseni, madzi ake ngati tapha mbuzi. A Namakhwa angosuzumira m'beseni n'kuchoka, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa mawu. Esinati wabwera ndi mwamuna wake kudzatsanzika. Ndayamba kupepesa. Wandigwira dzanja.

"Ababa, ndinaona Lachisanu lija kuti diresi lithimbirira. Koma munandilonjeza."

Ndalira, sindibisa.

Makaniko uja ananena zoona. Ndavomera, koma m'buku muno mokha. Chitini chabwerera pakhonde, sitiliwulu kumapoto, galimoto mawa ibwerera ku matemba. Mng'ono wake wa Esinati wandiuza kale kuti ndisamulonjeze chilichonse, pa ukwati wake adzakwera kabaza.